GODFREY CHITALU, MNYAMATA WA KU MIKOMFWA

1. Kubadwa ndi ubwana wace

Mtsinje wa Kafue, umene upita pansi pa ulalo wa njanji pafupi ndi mzinda wa Kafue, ucokera kutali kumpoto. Usanafike ku madambo akulu a kuno, uyamba wadutsa dziko la migodi ya mkuwa lochedwa Copperbelt, nupita m'mbali mwa mzinda wa Kitwe. Nayonso njanji imene iwoloka mtsinje pa ulalo uja ipita ku Lusaka ndi ku Kabwe, kufikira ku migodi komweko. M'mizinda imeneyi munakhala munthu wina amene dzina lace linamveka m'dziko lonse la Zambia cifukwa ca mpira wa miyendo. Munthuyo ndiye Godfrey Chitalu. Iye anakomana ndi adani ambiri m'bwalo la mpira, koma mdani amene anamsautsa koposa onse unali mtima wace womwe.

Godfrey anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia, liri m'manja mwa Angerezi. Luanshya ndi mzinda umene unamera cifukwa ca mgodi wa Roan Antelope. Anthu a mitundu yambiri anasonkhana kumeneko kudzafuna nchito: Abemba, Alamba, Alozi, Atonga, ndiponso Acewa, Ansenga ndi Angoni ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland. Mwanayo anakulira m'komboni ya Mikomfwa, kumene ana anali ambirimbiri ndipo moyo unali wolimba.

Masiku amenewo ana a m'komboni sanali kudziwa nsapato za mpira. Anali kukulunga nsanza ndi mapepala, nazimanga ndi zingwe, naika miyala iwiri kuti ikhale golo, ndipo anali kusewera ndi mapazi okha pafumbi kufikira dzuwa litalowa. Mpira wotere sudumpha bwino, ndipo bwalo lace likhala la zitunda ndi maenje. Cifukwa cace mwana amene aseweramo aphunzira kusunga mpira pafupi ndi phazi, aphunziranso kuima nji pamene anzace akulu amkankha. Iyi ndiyo inali sukulu yoyamba ya Godfrey pa za mpira.

Ali ndi zaka ngati 10 analowa m'kalabu ya ana yochedwa Fisansa, nayamba kusewera kutsogolo, ndiko kunena kuti nchito yace inali yomwetsa zigoli. Pambuyo pace anasamukira ku Kitwe, nasewera m'timu ya anyamata a ku Kwacha. Pa nthawi imeneyo zinthu zinali kusintha m'dziko. Kale Azungu anali ndi matimu ao, anthu akuda analinso ndi ao; koma m'caka ca 1962 inayambika ligi imodzi ya dziko lonse, mmene akuda ndi oyera anasewera pamodzi, ndipo timu yoyamba kupambana ligiyo inali Roan United ya kwao kwa Godfrey. Tsono pa 24 Okutobala 1964, patapita masiku awiri okha iye atakwanitsa zaka 17, dziko linalandira ufulu nilichedwa Zambia. Ndi pa nyengo yomweyo pamene akulu a timu ya Kitwe United anamuona mnyamatayo, namtenga.

2. Mtima wapacala

Anthu a ku Kitwe sanacedwe kuzindikira kuti apeza wosewera wa mtundu wina. Godfrey anali wamphamvu ndi waliwiro. Akalandira mpira sanali kuzengereza. Anali kulunjika ku golo, napyola pakati pa ochinga kumbuyo, namenya mpira kolimba kotero kuti wa pagolo anali kuvutika kuugwira. Sanali kuopa munthu, ngakhale wamkulu msinkhu kumposa.

Koma wosewera wotere sakondwera naye adani ace. Pamene alephera kumlanda mpira, ena amceka miyendo, ena amkoka malaya, ena amnyoza kuti akwiye. Pamenepa ndipo panaonekera cilema ca Godfrey, pakuti anali ndi mtima wapacala. Akampweteka, iye anali kubwezera pomwepo. Woimbira mpira akamlakwitsa, iye anali kutsutsana naye. Posacedwa anachuka pa zinthu ziwiri: kumwetsa zigoli, ndi kuyambana ndi oimbira mpira.

Mnyamatayo anali kukonda wosewera wina wa ku Scotland dzina lace Denis Law, amene anali m'timu ya Manchester United ku England. Tsiku lina m'caka ca 1967 woimbira mpira anaitana Godfrey cifukwa ca kulakwa kwina, namfunsa dzina kuti alilembe m'kabuku kace. Godfrey, m'malo mochula dzina lace, anachula la Denis Law. Woimbirayo anaona kuti cimeneci ndi cipongwe, ndipo anamtulutsa m'bwalo.

Nkhani imeneyi anthu aiseka kufikira lero, koma kwa timu yace sinali yoseketsa ai. Wosewera akatulutsidwa, palibe wina alowa m'malo mwace. Anzace atsala 10 kulimbana ndi anthu 11, ndipo atopa ndi kuthamangira malo a munthu amene wakhala panja cifukwa ca mkwiyo wace. Ndiponso akulu oyang'anira mpira amletsa wolakwayo kusewera masewera ena otsatira. Motero mphamvu zonse za Godfrey zinali kukhala zopanda pace pa masiku amene timu inali kumfuna. Anyamata ambiri aluso anathera pamenepa, ndipo maina ao anaiwalika. Panali poopsa kuti iyenso angathere pomwepo.

3. Katundu pamutu pa mnyamata

Pa ciyambi ca caka ca 1968 akulu a Kitwe United anacita cinthu cimene cinadabwitsa anthu. Sanamcotse mnyamata wobvutayo, koma anamuika akhale kaputeni, ndiye mtsogoleri wa anzace m'bwalo. Pamenepo n'kuti ali ndi zaka 20 zokha.

Nchito ya kaputeni siiri yopepuka. Iye ndiye alankhula ndi woimbira mpira m'dzina la timu yonse. Anzace akayamba ndeu, iye ndiye ayenera kuwaleretsa. Akagwa mphwayi, iye ndiye awalimbitsa mtima. Tsono munthu sangathe kuleretsa ndeu imene waiyamba yekha. Akuluwo anaganiza kuti mwana amene wasenza mtsuko wa madzi pamutu sathamangira ndeu ya m'njira, popeza adziwa kuti akatero mtsuko usweka. Ndipo maganizo ao sanapite pacabe.

M'caka cimeneco Godfrey anamwetsa zigoli 81, powerenga za timu yace ndi za dziko pamodzi. Panalibe munthu m'Zambia amene anafikapo pa ciwerengero cotere. M'mwezi wa Juni anabvala malaya a timu ya dziko kwa nthawi yoyamba, pa masewera a Zambia ndi Uganda mu Lusaka, ndipo Zambia inapambana 2 kwa 1. Pakutha pa caka inaperekedwa koyamba mphoto ya wosewera woposa onse m'dziko, ndipo amene anailandira ndiye mnyamata uja wa ku Mikomfwa. Anailandiranso kaciwiri m'caka ca 1970.

Sikuti mkwiyo wace unatha tsiku limodzi. Khalidwe limene munthu wakula nalo lifanana ndi udzu wa m'munda, umene ukaulimira umeranso ikagwa mvula. Nthawi zina Godfrey anali kugwanso m'kulakwa kwakale, nalangidwa. Koma tsopano anali atalawa zipatso za kudziletsa, nadziwa kuti kubwezera kumene kupweteka mdani koposa ndiko kumwetsa cigoli.

4. Caka ca zigoli 107

M'caka ca 1971 Chitalu anacoka ku Kitwe nalowa m'timu ya Kabwe Warriors. Kabwe, umene kale unali kuchedwa Broken Hill, ndiwo mzinda waukulu wa nchito za njanji, ndipo Warriors inali timu ya anthu a njanji. Munali kale osewera aluso, monga Boniface Simutowe, ndipo inali itapambana ligi m'zaka za 1968 ndi 1970. Pofika Chitalu inapambananso mu 1971.

Koma caka cimene sicidzaiwalika ndico ca 1972. Cinayamba ndi masewera a matimu opambana a m'maiko a Afrika. Warriors inapita ku Lesotho kukakomana ndi timu yochedwa Majantja, ndipo analepherana 2 kwa 2; zigoli zonse ziwiri za Warriors anamwetsa ndiye Chitalu. Pamene a Majantja anabwera ku Ndola, anagonja 9 kwa 0, ndipo mwa zigoli 9 zimenezo, 7 zinali za munthu mmodzi yemweyo.

Pambuyo pace inatseguka nyengo ya masewera a m'dziko muno. Sabata ndi sabata Chitalu anali kumwetsa, pena cimodzi, pena ziwiri, pena zoposa. Warriors inatenga ligi, nitenganso zikho zonse zimene zinalipo caka cimeneco. Pakutha pa nyengoyo anawerenga zigoli zace napeza kuti zakwana 107, osawerengera 9 zija za Majantja. Kuphatikiza zonse zikhala 116. Caka ciri ndi masabata 52, motero munthuyu anali kumwetsa zigoli zoposa ziwiri pa sabata iri yonse, kuyambira Januwale kufikira Disembala. Anampatsa mpira wolembedwa ciwerengero ca 107, ndipo cithunzi cace atanyamula mpirawo cikalipo. Analandiranso mphoto ya wosewera woposa onse kacitatu.

Masiku amenewo anthu ambiri sanali kuona mpira ndi maso, koma anali kuumva pa wailesi. M'midzi ndi m'makomboni anali kusonkhana mozungulira kawailesi kamodzi, kumvera mau a muulutsi wochuka Dennis Liwewe, amene anabadwira ku Nyasaland. Wailesi zimenezo zinali kuyendera mabatire, ndipo panali mabatire ena ochedwa Ucar, a kampani ya Union Carbide, amene anali ndi mbiri yakuti sakutha msanga. Poona kuti Chitalu athamanga pa mapeto a masewera monga momwe anathamangira poyamba, anthu anamucha Ucar, ndipo Liwewe anafalitsa dzinalo m'dziko lonse.

Patapita zaka 40, m'caka ca 2012, Lionel Messi wa ku Argentina anamwetsa zigoli 91 m'caka cimodzi, ndipo anthu a maiko ambiri ananena kuti waposa onse, popeza Gerd Müller wa ku Germany anali ndi 85. Pamenepo Azambia anakumbutsa dziko lapansi za Chitalu. Bungwe la FIFA, limene liyang'anira mpira pa dziko lonse, linayankha kuti silisunga ciwerengero ca zigoli za m'maligi a maiko, cifukwa cace silingathe kucitira umboni munthu ali yense pa nkhani yotere. Tsono anthu ena a m'dziko muno anafufuza m'nyuzipepala zakale, nawerenga zigolizo cimodzicimodzi. Apa pakuoneka ubwino wa kulemba zinthu pamene zicitika, pakuti cosalembedwa cibvuta kuciteteza.

5. Zaka za kudikira

Munthu angaganize kuti wosewera wotere sakanasowa malo m'timu ya dziko. Koma sizinatero. Kuyambira 1971 mphunzitsi wa timu ya Zambia anali Ante Buselic wa ku Yugoslavia, munthu wodziwa nchito yace ndithu. Iyeyu kawirikawiri anali kuika ena kutsogolo, monga Bernard Chanda ndi Simon Kaushi, ndipo Chitalu anali kukhala pa benci kuyang'ana anzace.

M'mwezi wa Malici 1974 Zambia inapita ku Egypt kukalimbira Cikho ca Afrika kwa nthawi yoyamba. Chitalu anali nao pa ulendowo, ndipo anamwetsa cigoli pa masewera amene Zambia inagonja kwa eni dziko 3 kwa 1. Timuyo inalimbika kufikira masewera otsiriza mu Cairo, kumene inakomana ndi Zaire, dziko limene lero lichedwa Democratic Republic of Congo. Analepherana 2 kwa 2, ndipo patapita masiku awiri anabwerezanso. Pamenepo Zaire inapambana 2 kwa 0. Osewera a Zambia anabwera ndi ulemu waukulu, koma ochulidwa kwambiri anali ena. Posapita nthawi Chitalu anasiyidwa konse, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri sanaitanidwe ku timu ya dziko.

Awa ndiwo anali mayeso akulu koposa onse. Kupirira munthu amene wakuceka mwendo nkwapafupi. Kupirira kuiwalika nkobvuta. Msinkhu wace unali kuyandikira zaka 30, pamene osewera ambiri ayamba kutha liwiro. Akadakhala ndi mtima uja wa 1967, kapena akadataya nsapato nasiya mpira. Koma sanasiye. Anakhalabe ku Kabwe, nasewerera Warriors caka ndi caka, namwetsabe zigoli. Akulu akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mnyamata wa mtima wapacala uja anali ataphunzira kudekha.

6. Kubwera kwace

Buselic anacoka m'caka ca 1976. M'mwezi wa Febuluwale 1977 Zambia inali pa masewera obvuta ndi Uganda, olimbira malo ku Cikho ca Dziko Lonse. Pa masewera oyamba Uganda inali itapambana 1 kwa 0 kwao. Tsono Chitalu anaitanidwanso, ndipo tsiku limenelo anamwetsa zigoli ziwiri. Zambia inapambana 4 kwa 2 nipitirira. Kuyambira pamenepo palibe amene anakayikanso za malo ace.

M'caka ca 1978 maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afrika anacita masewera ao ku Malawi. Chitalu anaposa onse pomwetsa zigoli 11, ngakhale kuti pa masewera otsiriza Amalawi anapambana 3 kwa 2 natenga cikho. Caka cimeneco analandira mphoto ya wosewera woposa onse kacinai, ndipo mu 1979 anailandira kacisanu, ali ndi zaka 32.

M'caka ca 1980 Zambia inapita ku masewera a Olympic ku Moscow. Inagonja masewera onse atatu, kwa Cuba, kwa Soviet Union ndi kwa Venezuela. Pa masewera atatuwo Zambia inamwetsa zigoli ziwiri zokha, cimodzi kwa Soviet Union ndi cina kwa Venezuela, ndipo zonse ziwiri zinali za Chitalu. Pakutha pa caka cimeneco anapumula ku timu ya dziko, ataisewerera masewera 111 ndi kuimwetsera zigoli 79. Palibe Mzambia wina amene wafika pa ciwerengero ca zigoli cimeneco. Mtsogoleri wa dziko, Dr. Kenneth Kaunda, amene anali kukonda mpira kwambiri, anampatsa nyota ya ulemu. Mu 1982 Chitalu analeka kusewera.

7. Mphunzitsi

Atavula nsapato sanacoke m'nyumba ya mpira. Anakhalabe ndi Kabwe Warriors, nathandiza kuyendetsa timu. Inafika nthawi pamene Warriors inagwa, nitsika kucoka m'ligi yaikulu. Cinali camanyazi kwa anthu a ku Kabwe. Pamenepo Chitalu anatenga nchito ya uphunzitsi, naikweza timuyo kubwerera pamalo pace, ndipo m'caka ca 1991 analandira mphoto ya mphunzitsi woposa onse.

Mphunzitsi wa mpira samenya mpira yekha. Akhala kunja kwa mzere, ndipo ngakhale aone mnyamata wace ataya cigoli capafupi, sangathe kulowa kuti akamwetse. Ayenera kupirira, kulangiza, ndi kudzudzula popanda kuthyola mtima wa wolakwayo. Munthu amene kale anali kusautsa oimbira mpira, tsopano ndiye anali kuphunzitsa anyamata mwambo wa m'bwalo.

Pa nthawi imeneyo Zambia inali ndi timu yabwino. Mu 1988, ku masewera a Olympic ku Korea, inagonjetsa Italy 4 kwa 0, ndipo anthu anali kuyembekeza kuti idzafika ku Cikho ca Dziko Lonse ca 1994 ku America. Koma m'mwezi wa Disembala 1992 inagonja 2 kwa 0 ku Madagascar, ndipo mitima ya anthu inagwa. Tsono timuyo inaperekedwa m'manja mwa Chitalu, womthandiza wace ndiye Alex Chola, amenenso anali wosewera waluso pa masiku ace. Pansi pa awiriwa Zambia inayambanso kupambana. Inabwezera Madagascar mu Lusaka, nilowa m'gulu lotsiriza pamodzi ndi Morocco ndi Senegal. Wopambana m'gulu limeneli ndiye anali kudzapita ku America.

8. Ulendo wotsiriza

Pa 25 Epulo 1993 Zambia inasewera ku cisumbu ca Mauritius nipambana 3 kwa 0. Zigoli zonse anamwetsa mnyamata Kelvin Mutale. Timu inabwerera ku Lusaka, ndipo pa 27 Epulo inanyamukanso kunka ku Dakar, mzinda waukulu wa Senegal, kumadzulo kweni kweni kwa Afrika. Inakwera ndeke ya asilikari a m'mlengalenga ya mtundu wa Buffalo. Ndeke yotere siingathe kuuluka mtunda wonsewo popanda kutera, cifukwa cace inayenera kumwa mafuta m'njira: ku Brazzaville, ku Libreville, ndi ku Abidjan.

Inatera ku Brazzaville, niteranso ku Libreville, mzinda wa dziko la Gabon umene uli m'mphepete mwa nyanja yamcere ya Atlantic. Usiku wa tsiku lomwelo inanyamuka ku Libreville, koma itangokwera pang'ono inagwa m'nyanja pafupi ndi gombe. Munali anthu 30, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Mwa iwo 18 anali osewera, monga Efford Chabala wa pagolo, Wisdom Chansa, Derby Makinka ndi Kelvin Mutale uja. Munalinso Alex Chola, akulu a bungwe la mpira, dokotala, mtolankhani, ndi oyendetsa ndeke. Godfrey Chitalu anamwalira pamodzi ndi anyamata ace, ali ndi zaka 45.

Patapita zaka 10, boma la Gabon linatulutsa zimene ofufuza anapeza. Linati injini ya kumanzere inagwira moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa ndi ulendo wa ku Mauritius, anazima injini ya kumanja imene inali yabwino. Motero ndeke inatsala yopanda mphamvu.

Maliro otere dziko la Zambia linali lisanawaone. Mitembo inabwera ku Lusaka, ndipo anthu zikwi zambiri anaima m'mbali mwa miseu alikulira. Onse 30 anaikidwa malo amodzi, kunja kwa bwalo la Independence, kumene Chitalu anakondweretsa anthu kwa zaka zambiri. Malowo achedwa Heroes' Acre, ndiko kuti manda a ngwazi.

9. Zimene zinatsala

Nchito imene anaisiya sinafe nao. Kalusha Bwalya, amene sanali m'ndekemo popeza anali kudzacokera ku Holland kumene anali kusewera, anatsogolera timu yatsopano. Timuyo inatsala pang'ono kupita ku America, koma inagonja 1 kwa 0 ku Morocco pa masewera otsiriza. Mu 1994 inafika pa mapeto a Cikho ca Afrika ku Tunisia, nigonja kwa Nigeria 2 kwa 1.

Tsono m'caka ca 2012 Zambia inafikanso pa mapeto a cikho comweco, ndipo malo osewerera anali Libreville yemwe uja. Masewera asanacitike, osewera anapita ku gombe la nyanja, naika maluwa pokumbuka akufawo. Pa 12 Febuluwale anakomana ndi Ivory Coast, timu ya osewera ochuka monga Didier Drogba. Panalibe womwetsa kufikira nthawi inatha, ndipo anapita ku mapenate. Zambia inapambana 8 kwa 7, ndipo kaputeni Christopher Katongo ananyamula cikho cimene timu ya 1974 ndi ya 1994 zinacilephera. Bwalo la anthu a njanji ku Kabwe lichedwa tsopano ndi dzina la Godfrey Chitalu.

Kucokera ku Kafue kufika ku manda aja a ku Lusaka si kutali. Munthu apita ndi kubwera tsiku lomwelo. Wopita kumeneko adzapeza dzina la Chitalu pakati pa maina a anyamata amene anali kuwaphunzitsa. Mphamvu ndi liwiro anabadwa nazo, ndipo ana ambiri a m'makomboni abadwa nazo cimodzimodzi. Koma kudziletsa ndi kudikira sanabadwe nako; anakuphunzira mobvutika, nagwa nadzuka, kwa zaka zambiri. Akadapanda kutero, bwenzi lero alikukumbukika ngati mnyamata wacipongwe amene ananamiza woimbira mpira, osati ngati Ucar.

MAFUNSO

1. Kodi Godfrey Chitalu anabadwira kuti, ndipo m'caka citi? Anali ndi zaka zingati pamene Zambia inalandira ufulu?
2. Kodi timu ibvutika bwanji pamene wosewera mmodzi atulutsidwa m'bwalo?
3. Cifukwa ninji akulu a Kitwe United anaika mnyamata wa mtima wapacala kukhala kaputeni?
4. Fotokozani ciyambi ca dzina lakuti Ucar.
5. Kodi Chitalu anacita ciani pa zaka zimene anasiyidwa ku timu ya dziko?
6. Pezani pa mapu a Afrika mizinda iyi: Lusaka, Brazzaville, Libreville, Abidjan ndi Dakar.
7. Lembani nkhani yaifupi ya tsiku limene munakwiya pa masewera, ndi zimene zinatsatira.